Zithunzi Zathu pa Bwalo la Mfumu

Makono ano palibe mmodzi wa ife amene sanagwirepo foni yojambula zithunzi. Tsiku la mpira, kapena pamene a Fomu 4 atsiriza mayeso ao, mumaona anyamata ndi asungwana ataunjikana pansi pa mtengo, wina atapendeketsa khosi, wina atakweza zala ziwiri, onse akufuna kuoneka bwino. Sindikuti kutero n'kulakwa ai, pakuti inenso ndiri nazo zithunzi zotere zambiri ndithu. Koma dzinja lapitali ndinaphunzira kuti kacipangizo kameneka kangathe kugwira nchito ina yolemera kuposa imeneyi, ndipo ndati ndikufotokozereni m'magazini athu ano, kuti amene afuna akayese kwao.

Anatiyambitsa ndi aphunzitsi athu a Jogalafe. Tsiku lina tikuphunzira za midzi ndi kakonzedwe kace, iwo anatifunsa kuti, "Kodi mjigo ukamakumbidwa pamudzi panu, amasankha malo ace ndani?" Tonse tinayankha pamodzi kuti, "Ndi boma." Iwo anaseka, natiuza kuti kuyambira caka ca 1998, pamene dziko lathu linakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono ndi kupereka mphamvu kwa anthu, citukuko ciyenera kuyambira pansi. M'dera la gulupu muli komiti ya citukuko imene timaichula kuti VDC. Anthu amasonkhana, nachula mabvuto ao, nagwirizana kuti loyamba ndi ili, laciwiri ndi ili. Zimenezi zimapita ku komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, ndiyo ADC, ndipo kucokera kumeneko zimafika ku khonsolo ya Kasungu, kumene zimalowa m'cikonzero ca boma lonse. Tsono anafunsanso kuti, "Ndani wa inu analankhulapo pa msonkhano wotere?" M'kalasi munangoti zii. Mudziwa inu nokha kuti mwana pa bwalo la akulu amakhala kumbuyo, ndipo akati atsegule pakamwa amamtuma kukatunga madzi. Ulemu ndi cinthu cabwino, sinditsutsa. Koma amene amaoloka mtsinje m'mawa uliwonse popita kusukulu ndi mwanayo.

Pamenepo anatifotokozera za njira imene Azungu amaicha Photovoice, ndiko kunena kuti kulankhula ndi zithunzi. Anaiyamba ndi amai awiri, Caroline Wang ndi Mary Ann Burris, m'caka ca 1992 ku Yunnan m'dziko la China. Iwo anapatsa makamera amai a kumidzi 62, ambiri a iwo osaphunzira kwenikweni, nawauza kuti ajambule moyo wao monga momwe iwo eni akuuonera. Amai aja anajambula nchito zao za kumunda, madzi amene ankatunga, ndi makanda atagonekedwa m'mphepete mwa munda pamene make alikulima. Zithunzizo zinaikidwa pamaso pa akulu a boma, ndipo cimodzi mwa zinthu zimene zinaturukapo cinali malo osungirako ana. Cimene cinandigwira mtima ine ndi ici: wojambula sanali mlendo wocokera kutali, koma mwini bvuto.

Ife a ku Kasungu sitiyenera kudabwa ndi mphamvu ya cithunzi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ataleka sukulu cifukwa ca njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku lochedwa Using Energy m'kanyumba ka mabuku. Cingerezi cinkambvuta, koma cithunzi ca pacikuto ndi zojambula za m'katimo zinamuuza zimene mau sanathe kumuuza, namanga makina a mphepo opangira magetsi. Ndipo dziko linamdziwa pamene nkhani yace inaturuka m'nyuzipepala ya Daily Times m'caka ca 2006.

Tsono tinapangana ana asanu ndi mmodzi a mbali imodzi ya kwathu, anyamata atatu ndi asungwana atatu. Mafoni tinali nao awiri okha. Imodzi ndinabwereka kwa amalume, amene poyamba anakana, koma nditaumirira anangoti, "Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imfotere yekha. Koma ukaigwetsera m'madzi usabwerenso kuno." Pangano lathu linali lakuti aliyense ajambule zinthu ziwiri zimene zimbvuta ndi cimodzi cimene amanyadira. Cacitatuci musacipeputse. Mukapita kwa akulu ndi zoipa zokhazokha, adzayesa kuti mwabwera kudzawacititsa manyazi.

Munali m'Febuluwale, nyengo imene kwathu aliyense ali pa fodya. Amene simunakulire m'cigwa cathu cino mwina simudziwa kuti mbeu imeneyi ilibe cisoni ndi munthu. Nazale ayamba kuthirira dzuwa liri phwee, mvula ikagwa aokera, kenaka kupalira, kudula mitu, kuthyola, kusoka, kupacika pa mikangala m'cigafa, kusankha, kumanga ndindi, kudinda mabelo, kufikira tsiku lopita ku okushoni ku Chinkhoma. Ine ndinajambula kamtsinje ka kwathu katadzaza, mitengo iwiri imene timaolokerapo itamira, ndi tiana ta Sitandade 2 titaima kutsidya titagwira makope pamutu. Msungwana mmodzi wa gulu lathu anajambula amace akucokera kukatola nkhuni, ndipo kumbuyo kwao kukuoneka zitsa zokhazokha kumene kunali nkhalango ya misuku ndi miombo, pakuti mitengo inathera m'zigafa. Ife anyamata timapita pamenepo tsiku ndi tsiku, koma palibe amene anaganizapo zojambula. Wina anajambula nkhokwe ya agogo ace itadzaza ndi cimanga ca caka catha, nati, "Ici ndico ndinyadira."

Kujambula si kumene kuli nchito yaikulu. Nchito iri pa kukambirana. Loweruka tinakhala pansi ndi aphunzitsi athu, ndipo pa cithunzi ciriconse tinadzifunsa mafunso asanu amene eni njirayi amagwiritsa nchito. Kodi tikuona ciani pamenepa? Nanga cimene cikucitika kwenikweni n'ciani? Cikutikhudza bwanji ife? N'cifukwa ninji ziri conco? Ndipo tingaciteponji? Funso loyamba lioneka lacibwana, koma limaletsa munthu kuthamangira kuweruza asanayang'ane. Pa cithunzi canga, mnzanga wina anaona cinthu cimene ine wojambula sindinacione, cakuti pa tiana tisanu ndi tiwiri tija, tating'ono kwambiri tinali titayamba kale kubwerera kunyumba. Pa funso lacinai tinatsutsana kwa nthawi yaitali, ena akuti mlandu ndi wa mvula, ena akuti ndi wa ife amene tinalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje, kotero kuti madzi alibe cowagwira.

Koma panali cithunzi cimodzi cimene cinatisowetsa mtendere, ndipo ndiye ndifuna kuti mumvetse bwino pano. Mnzathu wina anajambula kamnyamata ka zaka ngati khumi katakhala m'cigafa ca pa esiteti ina, kakusoka fodya tsiku la sukulu, manja ace ali bii ndi utomoni wa masamba. Cinali cithunzi cokoma kuposa zonse, nkhope yace ikuoneka bwino lomwe. Tonse tinati ici ndico cidzagwedeza bwalo. Pakuti nkhani yace si yaing'ono. Fodya wamuwisi, makamaka akanyowa ndi mame kapena mvula, amalowetsa cikonga m'thupi kudzera pakhungu, ndipo munthu amamva mutu, cizungulire ndi mseru. M'caka ca 2009 bungwe la Plan, litaceza ndi ana ogwira nchito m'minda ya fodya m'dziko muno, linalengeza kuti ana otere analipo osacepera 78,000, ndi kuti pa tsiku lacinyezi mwana angathe kulandira cikonga cofanana ndi ca ndudu 50. Lamulo la nchito la caka ca 2000 liletsa kulemba nchito mwana wosafika zaka 14, ndipo m'caka ca 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mcitidwe wa utenanti.

Aphunzitsi anatiuzanso za Lewis Hine wa ku America, amene kuyambira 1908 anayendayenda kujambula ana ogwira nchito m'mafakitale, m'migodi ndi m'minda ya fodya yomwe. Eni nchito sankamfuna, cotero ankayesa msinkhu wa mwana mobisa poyerekeza ndi mabatani a cobvala cace. Zithunzi zace zinathandiza kutembenuza mitima ya anthu, ndipo m'caka ca 1938 dziko lija linakhazikitsa lamulo loteteza ana pa nchito. Titamva zimenezi mitima yathu inakwera, tinadziona ngati a Hine ang'onoang'ono.

Pamenepo aphunzitsi anafunsa mnzathu uja mofatsa kuti, "Kodi atate ace a mwanayu anabvomera?" Iye anaweramitsa mutu. Tsiku lotsatira tinapita awiri kukaonana nao. Anali bambo wocokera kummwera, amene anabwera ndi banja lace kudzagwira nchito ya fodya, ndipo malipiro ace anali kudikira kuti fodya agulitsidwe. Ataciona cithunzico anakhala cete kanthawi, kenaka anati, "Ana anga, zimene mwajambulazi n'zoona, sindikana. Koma mwini munda akaciona ici, ine andicotsa mawa lomwe, fodya asanapite ku msika. Tsono ndibwerera kwathu ndi ciani? Inu mudzabwerera kusukulu, ine ndidzagona kuti?" Mantha ao sanali acabe. M'Novembala 2019 boma la America linayamba kugwira fodya wa ku Malawi pa madoko ace cifukwa ca nkhani yomweyi ya ana, ndipo kuyambira pamenepo mlimi aliyense adziwa kuti mwana akapezeka m'cigafa, wogula angathe kumtaya. Hine anali mlendo, akajambula ankakwera sitima n'kumapita. Ife timamwa mjigo umodzi ndi anthu amene tiwajambula.

Tinakangana kwambiri pobwerera. Mnzanga anati kubisa cithunzico ndi kuthandiza coipa. Ine ndinati kucionetsa ndi kulanga munthu wosauka kuposa onse pa nkhaniyi, pamene wolemera adzangolemba wina. Mpaka lero sindinganene kuti mnzangayo analakwa kotheratu. Potsiriza tinagwirizana kufufuta nkhope ija, ndipo ndi cilolezo ca bambo aja tinajambula manja okha a mwanayo ali ndi singano ndi masamba, popanda coonetsa kuti ndi cigafa ca yani. Pambali pace tinaika cithunzi ca mabenci opanda anthu m'kalasi ya pulaimale mwezi womwewo.

Tinasonkha ndalama, tinakatsukitsa zithunzi khumi ku tauni, ndi kuzimata pa cikatoni, pansi pa ciriconse titalemba mau ocepa a mwini wace m'Cicewa. Tsiku la msonkhano tinapita ndi aphunzitsi, amene anayamba apempha kwa a gulupu kuti ana apatsidwe mpata. Abambo ambiri anali atabwera ndi mutu umodzi, wakuti msewu upalidwe kuti magalimoto a mabelo azifika pamudzi, ndipo ameneyo ndi mutu wanzeru, pakuti ndalama ya caka conse iri m'mabelomo. Itafika nthawi yathu ine ndinagwada, mau onse amene ndinaloweza anathawa, ndinangoti, "Zikomo a mfumu, ife ana anu tabwera ndi izi." Cikatoni cija cinayenda dzanja ndi dzanja. Mai wina anapfuula kuti, "Uyu ndi mdzukulu wangatu uyu, ali kutsidyayu! Tsiku limeneli anandiuza kuti aphunzitsi sanabwere." Anthu anaseka, koma kusekako kutatha anayamba kuwerengana kuti ndi masiku angati m'dzinja amene ana saoloka. Pa cithunzi ca manja cija panalibe woseka. Abambo ena anayang'ana kumbali. A gulupu anaciyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Adzukulu, mwana ameneyu ndi wa yani?" Tinayankha kuti tinalonjeza kusachula. Iwo anangoti, "Mwacita bwino, pakuti manja amenewa ali m'nyumba zambiri pano."

Musaganize kuti tinapambana pa zonse. Pamene anthu anakweza manja, msewu unakhalabe woyamba, mlatho wa ana unakhala waciwiri, ndipo kubzala mitengo m'mphepete mwa mtsinje kunalembedwa kacitatu. Za ana a m'zigafa sizinalowe m'cikonzero, koma a gulupu analamula kuti komiti ya sukulu izipereka kwa iwo maina a ana ojomba m'nyengo yothyola fodya. Pepala lija linapita ku ADC, ndipo pamene ndikulemba pano mlatho sunamangidwe. Abambo a pamudzi anangodula mitengo itatu ya bulugamu naiika pamalo okwererapo pang'ono. Amalume anandilola kuti ndizibwerekabe foni yao, cotero mvula ikayamba ndidzapitanso kukaima pa culu comwe cija, ndi kulemba tsiku ndi mwezi pansi pa cithunzi ciriconse, pakuti mlembi wa komiti anandiuza kuti ku khonsolo amafunsa kuti madziwo amadzaza kangati pa caka.