MFUMU ASHOKA NDI NYUMBA YA MAURYA

Mafumu akale a m'maiko ambiri anakonda kulemba pamiyala za nkhondo zimene anapambana, kuti adzukulu ao adzawatame. Koma ku India kunali mfumu imodzi imene inalemba pamatanthwe kuti kupambana kwace kunaimvetsa cisoni. Dzina lace ndiye Ashoka, wa nyumba yacifumu ya Maurya. Tiyambe ndi agogo ace; ndipo owerenga akumbukire kuti zaka za Kristu asanabadwe ziwerengedwa mobwerera, kotero kuti caka ca 321 ndico cakale koposa ca 268.

Chandragupta, woyamba wa nyumbayi

M'caka ca 326 Kristu asanabadwe, Alexander Wamkuru, mfumu ya Agiriki, anafika ndi nkhondo yace kumitsinje ya kumpoto cakumadzulo kwa India. Pamenepo asilikari ace anatopa, nakana kupitirira. Iye anabwerera, nakafera ku Babylon m'caka ca 323. Nyengo yomweyo, kum'mawa m'dziko la Magadha, m'mbali mwa mtsinje wa Ganges, kunali mafumu olemera a nyumba ya Nanda. Mnyamata wina, Chandragupta Maurya, anawaukira nalanda mpando wao pafupi ndi caka ca 321. Mbiri ya Amwenye iti anamthandiza ndi phungu wocenjera dzina lace Chanakya.

Seleucus, mmodzi wa akazembe amene anagawana ufumu wa Alexander, anadza kuti atengenso maiko a kumtsinje wa Indus, koma sanakhoza. Pafupi ndi caka ca 303 anapangana mtendere: Seleucus anasiya maiko akuru, amene lero ali m'Afghanistan ndi m'Pakistan, nalandira njobvu zankhondo 500. Anatumanso mthenga wace Megasthenes kukakhala kwa Chandragupta ku Pataliputra, pamene pali mzinda wa Patna lero. Mgiriki ameneyu analemba kuti mudziwo unazingidwa ndi linga la mitengo, la zipata 64 ndi nsanja 570.

Anthu a cipembedzo ca Jain anena kuti atakalamba Chandragupta anatula ufumu, napita kumwera, nadzikaniza cakudya kufikira imfa monga mwa mwambo wao. Mwana wace Bindusara anasunga ufumuwo zaka zoposa 20. Ndiye anabala Ashoka.

Nkhondo ya ku Kalinga

Ashoka anabvekedwa ufumu pafupi ndi caka ca 268. Analandira dziko lalikuru ndithu, koma kugombe la kum'mawa kunatsala dziko la Kalinga, limene lero lichedwa Odisha, losapereka msonkho kwa iye. Zitapita zaka 8 anatuma nkhondo kumeneko, nalilanda.

Zimene zinacitika m'nkhondoyo tizidziwa mwa mau a mfumu yomweyo, osati a adani ace iai. Inalembetsa pathanthwe kuti anthu 150,000 anatengedwa ndende kucoka kwao, 100,000 anaphedwa, ndi ena ocuruka koposa anafa pambuyo pace. Siinaleka pa kuwerenga mitembo. Inachulanso anthu otsala amoyo, amene nthungo siinawakhudza, koma anataya amai, abale ndi mabwenzi. Inati iwonso analasidwa. Ndipo inati kungakhale kuonongeka kwa gawo limodzi mwa magawo 100, kapena mwa 1,000, la anthu aja, tsopano kukadailemera mumtima. Inalangiza ana ndi adzukulu ace kuti asafunefune maiko ena ogonjetsa. Koma akagwidwa m'nkhondo, acite moleza mtima ndi kulanga pang'ono.

Ashoka anali wotsata ciphunzitso ca Buddha, ndipo abvomera yekha kuti poyamba sanali wacangu m'menemo. Cimene analalikira kwa anthu ace onse anacicha dhamma, ndiko kuti makhalidwe oyenera: kumvera atate ndi amai, kunena zoona, kupatsa, kucitira zabwino akapolo ndi anchito, ndi kusapha zamoyo popanda cifukwa. Sanakakamiza munthu kusiya cipembedzo cace. Analemba kuti wonyoza cipembedzo ca mnzace pofuna kukweza cace, aononga cace comweco.

Mauwa anatsagana ndi nchito. M'mbali mwa miseu anabzalitsa mitengo ya mthunzi yonga kacere ndi minda ya mango, nakumbitsa zitsime, namangitsa nyumba zopumuliramo apaulendo. Anakonza za mankhwala a anthu ndi a zoweta zomwe. Kukhicini kwa mfumu, kumene kale anali kupha nyama zosawerengeka tsiku ndi tsiku, anangotsala kupha zitatu: mbalame ziwiri zochedwa pikoko ndi nyama imodzi yonga mbawala, ndiyonso si masiku onse. Zitapita zaka 13 za ufumu wace anaika nduna zapadera zoyang'anira dhamma, zoyendera okalamba, aumphawi ndi am'ndende. Pocezera Lumbini, kumene Buddha anabadwira, anacepetsa msonkho wa mudziwo. Anatuma amithenga kwa mafumu a Agiriki, ndipo awiri a iwo anali a m'Africa muno: Ptolemy wa ku Egypt ndi Magas wa ku Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya. Mabuku a ku Sri Lanka anena kuti mwana wace Mahinda ndiye anafikitsa ciphunzitso ca Buddha pacisumbupo.

Koma wophunzira ayang'anenso mbali yina. Ashoka sanabweza dziko la Kalinga kwa eni ace. Sanabalalitsa asilikari ace. M'malembo omwe aja a cisoni acenjeza anthu okhala m'nkhalango kuti, cinkana adandaula, mphamvu yakulanga akali nayo. Cilango ca imfa sanacicotsa. Anangopatsa oweruzidwa masiku 3 akuti abale ao akawapepesere kapena akonzekere kufa. Ukapolo unakhalabe. Ndipo pali cinthu cimodzi codabwitsa: mau aja a nkhondo ya ku Kalinga apezeka pamatanthwe a kutali, monga ku Girnar m'Gujarat, kwao kwa makolo a Amwenye ambiri a m'Zambia, koma pamatanthwe a ku Dhauli ndi Jaugada, m'Kalinga mwenimweni, mauwo anasiyidwa. M'malo mwace mfumu inalembetsapo malangizo kwa nduna zace kuti ziweruze mosakondera, pakuti anthu onse ndiwo ana ace. Ife tiganiza kuti kulira maliro pakati pa anthu amene unawaphera abale ako kunali kobvuta kwa mfumu koposa kulira patali.

Kutha kwa nyumba ya Maurya

Ashoka anamwalira pafupi ndi caka ca 232. Amene anamtsata anali ofoka, ndipo maiko akutali anayamba kudzipatula. Pafupi ndi caka ca 185, mfumu yotsiriza, Brihadratha, inaphedwa ndi mkuru wa asilikari ace, Pushyamitra Shunga, pamene inali kuyendera gulu la nkhondo. Nyumba ya Maurya inakhala zaka zosakwana 140.

Matanthwe ndi mizati ya mwala zinatsala ciriri, koma anthu anaiwala kuwerenga malembo ace, ochedwa Brahmi. M'caka ca 1837 James Prinsep, Mngelezi wogwira nchito kunyumba yosulira ndalama ku Calcutta, anazindikira malembowo. Komabe dzina la Ashoka sanalipezamo, pakuti mfumuyo inadzicha Devanampiya Piyadasi, ndiko kuti wokondedwa ndi milungu, wa nkhope yokoma. M'caka ca 1915 ku Maski kunapezeka thanthwe lochula maina a Devanampiya ndi Ashoka pamodzi. Ndipo m'1958 ku Kandahar kunapezeka lina lolembedwa m'Cigiriki ndi m'Ciaramu, zinenero za anthu a kumalire ajawo.

India atalandira ufulu m'caka ca 1947 anaika pakati pa mbendera yace gudumu la masipoko 24, lotengedwa ku mzati wa Ashoka wa ku Sarnath. Mikango ya pamutu pa mzati womwewo inakhala cizindikilo ca boma la India m'caka ca 1950, ndipo ioneka pa ndalama zao.