Kodi n'koyenera kuyezetsa khomo la chiberekero popanda chowawa?

Funso: Mayi wa zaka 36 wa ku Mchinji, amene ali ndi ana atatu, akufuna kudziwa ngati n'koyenera kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero pamene sakumva kupweteka paliponse, makamaka poti anzawo awauza kuti poyeza anamwino amatulutsa chiberekero kunja ndipo woyezedwayo saberekanso.

Yankho la dokotala: Kusamva ululu si umboni wakuti khomo la chiberekero lili bwino, chifukwa nthendayi imayamba mwakachetechete. Gwero lake ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana ndipo anthu ambiri amakatenga osadziwa. Mwa ochuluka thupi limakagonjetsa lokha, koma mwa ena kamakhazikika n'kuyamba kusintha khungu lopyapyala la pakhomo la chiberekero, pomwe chiberekero chimakumana ndi njira yotulukira mwana. Kuchokera pa kusintha koyambako kufikira khansa yeniyeni pamadutsa zaka 15 mpaka 20, ngakhale kuti kwa amayi amene chitetezo cha m'thupi chatsika zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Kuyeza kumafunafuna kusintha koyambako, khansa isanabadwe, ndipo nthawi imeneyi mayi amalima, kutunga madzi ndi kubereka osamva kanthu.

Zoti chiberekero amachitulutsa kunja n'zabodza, ndipo bodza limeneli lachedwetsa amayi ambiri. Njira yofala m'zipatala za m'Malawi ndi ya VIA, kutanthauza kuyang'ana ndi maso khomolo litapakidwa viniga. Mayi amagona chagada, namwino amalowetsa kachipangizo kotsegula njira pang'ono kuti khomo lioneke, kenako amapakapo viniga ndi thonje n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amayera mbee, pamene malo abwino amakhala momwe analili. Zotsatira mayi amazimva asanatuluke m'chipindamo. Kwinanso amatenga timadzi ta m'njiramo n'kukayeza ngati muli HPV.

Malo oyerawo akakhala aang'ono, amawotchedwa tsiku lomwelo ndi kachitsulo kotentha kwa nthawi yosaposa mphindi imodzi, njira imene chipatala cha Nkhoma chinali m'gulu la oyamba kuigwiritsa ntchito m'dziko muno. Pambuyo pake pamatuluka timadzi kwa masabata angapo, ndipo banjalo limalangizidwa kusakhalira pamodzi kwa pafupifupi mwezi kuti chilonda chipole. Apa m'pofunika kuti bambo amve uphunguwo kuchokera kwa namwino, chifukwa mikangano yambiri imayambira pomwepa. Chithandizochi sichitseka mphatso ya ana.

Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa imeneyi yafala kwambiri padziko lonse, ndipo mwa amayi a kuno palibe khansa ina imene imapha kuposa iyi. Boma limalimbikitsa amayi a zaka 25 mpaka 49 kuyezetsa, ndipo amene ali ndi HIV ayenera kubwerera pafupipafupi kuposa anzawo, ngakhale akumwa ma ARV mokhulupirika, popeza bungwe la WHO linapeza kuti chiopsezo chawo n'chochuluka kasanu ndi kamodzi. Katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, angateteze ana aakazi a mayiyu, ngati ali nawo, koma sachiza kachilombo kamene kanalowa kale.

Kutaya magazi pambuyo pogonana, pakati pa misambo kapena atasiya kusamba, ndiponso chikazi chonunkha chosamva mankhwala, si zizindikiro zodikira nazo tsiku la sikelo kapena kuyamba nazo kwa asing'anga. 

Mayi wa ku Mchinjiyu ali pa msinkhu woyenera kuyezetsa. Atenge buku lawo la kuchipatala, asankhe tsiku limene sakusamba, apite kuchipatala cha boma chimene ali nacho pafupi, kuyezako n'kwaulere.