ZIMENE MAGAZI A MWANA AMAULULA ZA M'MATUMBO

Kutsegula m'mimba ndi matenda amene mayi aliyense amawadziŵa. Kaŵirikaŵiri mwana akamwa Thanzi ORS ndi mapiritsi a zinki amachira pamasiku oŵerengeka. Koma alipo ana ena amene kutsegulako sikuwathera: kumapitirira masabata aŵiri, kuleka pang'ono, n'kuyambiranso. Chimbudzi chimatuluka ndi magazi, m'mimba mumapota, mwana amaonda, ndipo anzake obadwa nawo chaka chimodzi amamposa msinkhu. Mwana wotere ayenera kupimidwa magazi, ndipo phunziro lathu mwezi uno likulongosola chifukwa chake.

Nthenda yake ndi yotani?

Kuno kwathu zimene zimadwalitsa mwana motere kaŵirikaŵiri ndi kamwazi, njoka za m'mimba, likodzo la m'matumbo, TB ya m'matumbo, kachilombo ka HIV ndi kupereŵera kwa zakudya. Dokotala amayamba wafufuza zimenezi. Koma ilipo nthenda ina yosaoneka kaŵirikaŵiri, imene chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbo a mwini wake, nichititsa kutupa ndi zilonda zosapola. Ili mitundu iŵiri. Wina ndi nthenda ya Crohn, imene Dr Burrill Crohn ndi anzake anaifotokoza ku New York m'chaka cha 1932. Imagwira paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi. Wina ndi ulcerative colitis, umene umagwira thumbo lalikulu lokha. Nthendayi si yopatsirana, si ufiti, ndiponso si tsempho. Makolo asalozane zala.

Kodi m'magazi amafunamo chiyani?

Magazi amene namwino amatenga ndi pang'ono zedi, pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, ndipo thupi limabwezeretsa msanga. M'magazimo amayang'ana zizindikiro zisanu.

1. Kuchuluka kwa magazi. Zilonda zikamakha magazi tsiku ndi tsiku, magazi amachepa. Zikhatho zimayera ndipo mwana amatopa msanga.

2. ESR. Magazi amawathira m'kabotolo kakatali koonda, nakaimika ola limodzi. Ngati m'thupi muli kutupa, mbali yofiira ya magazi imamira mofulumira kuposa masiku onse.

3. CRP. Ichi chimapangidwa ndi chiŵindi, ndipo chimakwera patangopita maola ochepa kutupa kutayamba.

4. Mapulateleti. Izi ndi tizinthu tothandiza magazi kuundana pabala. Pa nthendayi timachuluka, pamene pa malungo kaŵirikaŵiri timachepa.

5. Albumin. Ichi ndi chomanga thupi chopezeka m'magazi. Matumbo azilonda amachitaya, ndipo chikachepa mapazi amatupa.

Magazi okha sagamula

Zizindikiro zimenezi zili ngati utsi umene tauona kutali: tadziŵa kuti kuli moto, koma sitinadziŵe nyumba imene ikupsa. Malungo, chibayo ndi TB nazonso zimakweza ESR ndi CRP. Komanso alipo ana ena odwala nthendayi amene magazi ao amaoneka abwinobwino. Nchifukwa chake dokotala amapimanso chimbudzi, ndipo akakayikabe amaunika m'matumbo ndi kachingwe kokhala ndi nyali, natapako kanyama kakang'ono kuti akakaone pamakina. Apo mpamene dzina la nthenda limadziŵika.

Musatope ndi kupimidwa kobwerezabwereza. TB ya m'matumbo imafanana kwambiri ndi nthenda ya Crohn, koma mankhwala ake ngosiyana. Mankhwala a Crohn amachepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, motero akapatsidwa kwa mwana wa TB, TB ija imakula ndipo moyo wa mwana umakhala pangozi. Kudekha kwa dokotala si ulesi ai.

Mupite kuti?

Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ku Mitundu, ku Nathenje kapena ku Kabudula. Sizipatala zonse zimene zimatha kupima zonse tatchulazi, tsono angakutumizeni mumzinda wa Lilongwe: ku Bwaila, ku Old Town, kumene akuluakulu amakudziŵa ndi dzina lakale lakuti Bottom, kapena ku Kamuzu Central, chipatala chachikulu chimene chinatsegulidwa mu 1977, kumene kuli madokotala a ana. Akakulemberani kalata, pitani msanga. Musadikire kuti muyambe mwakolola.

Zoyenera kukumbukira

Tengani buku la kuchipatala ndi kadi ya kusikelo, pakuti mzere wa kakulidwe ka mwana umauza dokotala nthaŵi imene anayamba kuonda. Nenani masiku amene mwana watsegula m'mimba, kangati patsiku, ndiponso ngati amadzuka usiku kupita kuchimbudzi. Musabise mankhwala amene mwampatsa kale, ogula pagolosale kapena azitsamba. Poyembekeza zotsatira pitirizani kumpatsa chakudya ndi zakumwa.

Nthendayi siitheratu monga malungo, koma mankhwala amapoletsa zilonda ndi kuigonetsa nthaŵi yaitali. Mwana amene wapimidwa msanga namwa mankhwala mokhulupirika amayambanso kukula, nabwerera kusukulu monga anzake.