Malangizo kwa Wogula ndi Mmisiri: Kapangidwe ndi Mitengo ya Tiasilikali ta Warhammer

Mumzinda wa Nottingham ku England, m'dera la Lenton, muli likulu ndi mafakitale a kampani ya Games Workshop, yomwe imapanga tiasilikali tating'ono ta masewero a nkhondo apatebulo. Munthu amagula tiasilikaliti tili tizidutswa, amatilumikiza ndi guluu, kutipenta, kenaka n'kutifoletsa patebulo kuti timenyane ndi ta mnzake, potsata malamulo a m'buku, madayisi ndi tepi yoyezera. Kampaniyi anaiyambitsa ndi John Peake, Ian Livingstone ndi Steve Jackson ku London mu 1975. Nthambi yake yopanga tiasilikali, Citadel Miniatures, inabadwa mu 1979 ku Newark-on-Trent, sewero la Warhammer linatuluka mu 1983, ndipo Warhammer 40,000 inatsatira mu 1987.

Kholo limene mwana wake walikokera m'sitolo ya Warhammer limadabwa likaona mtengo wa kabokosi kopepuka. Pulasitiki ya m'kabokosimo ndi ya ndalama zochepa zedi. Ndalama zambiri zimapita ku chikombole, kwa anthu amene anaganiza maonekedwe a kasilikaliko, ndi ku dzina la kampani. Malangizowa ndi othandiza wogula kumvetsa chimene akulipira, komanso mmisiri amene akufuna kuyamba kuumba tinthu totere.

1. Yambani mwadziwa chimene kasilikali kapangidwa nacho. Zipangizo zake ndi zitatu: chitsulo chofewa, resin ndi pulasitiki. Chilichonse chili ndi chikombole chakechake, ndipo mtengo umayambira pamenepo. Msinkhu wa tiasilikali tambiri ndi mamilimita 28 mpaka 32, koma mitu, manja ndi zida amazikuza dala kuti zizioneka bwino munthu akaimirira pambali pa tebulo.

2. Chitsulo chofewa ndicho chinali chiyambi cha ntchitoyi. Woumba ankapanga kasilikali koyamba ndi manja, pogwiritsa ntchito phala la mitundu iwiri, yachikasu ndi yabuluu, lomwe likasakanizidwa limasanduka lobiriwira n'kuuma gwa. Osewera amalitchula green stuff. Kasilikali koyambako amakaika pakati pa mbale ziwiri zozungulira za labala, n'kuzipanikiza pamoto mpaka labalayo atalimba ndi kusunga maonekedwe ake onse. Chikombolecho amachiika m'makina ochizungulitsa mwaliwiro, amathira chitsulo chosungunuka pabowo la pakati, ndipo mphamvu ya kuzungulirako imakankhira chitsulocho m'timipata tonse ta m'mbali. Kale chitsulochi chinkakhala ndi mtovu, koma m'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anausiya poopa kuwononga thanzi la anthu, n'kuyamba kugwiritsa ntchito chitsulo chochuluka tini. Ubwino wa njirayi ndi woti chikombole cha labala sichidula ndipo chimapindika, choncho chimatulutsa kasilikali ngakhale kali ndi timakona tobisika. Kuipa kwake, labala amatha msanga ndi kutentha, tini amakwera mtengo pamsika wa dziko lonse, ndipo pamafunika munthu woima pamakina nthawi zonse.

3. Resin musaione ngati yotchipa. Ndi mankhwala awiri amadzimadzi amene amauma akasakanizidwa, ndipo amawathira m'chikombole chofewa cha silicone. Imaonetsa bwino kwambiri timizere tating'ono, n'chifukwa chake nthambi ya Forge World, yomwe inayamba mu 1998, inaisankha popanga akasinja akuluakulu ndi zilombo zimene sizigulidwa ndi anthu ambiri. Koma ntchito yake ndi yamanja, ndipo chikombole chimang'ambika chikangotulutsa makumi angapo. Mu 2011 Games Workshop inasamutsa tiasilikali tambiri tachitsulo n'kuyamba kutipanga ndi resin yotchedwa Finecast. Ogula ambiri anadandaula kuti ankapeza timabowo ta mpweya pankhope ndi pazida, komanso malupanga opindika. Mukagula cha resin, tsegulani bokosi msanga, yang'anani chidutswa chilichonse pamalo owala, ndipo bwezani chimene chili ndi chilema musanachipente.

4. Pa pulasitiki fatsani, chifukwa mpamene pagona nkhani ya mtengo. Pulasitiki yake ndi ya mtundu wa polystyrene wolimba, ndipo imafika kufakitale ili timibulu. Makina amaitenthetsa kupitirira madigiri 200, n'kuipopera mwamphamvu m'chikombole chachitsulo cholimba chokhala ndi mbali ziwiri. Ikazizira, m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi, chikombole chimatseguka ndipo timisomali tamkati timakankha felemu yonse kuti igwe. Felemuyi, yomwe osewera amaitcha sprue, ndiyo njira imene pulasitiki inadutsamo, ndipo tizidutswa ta kasilikali timakhala titamatirira pamenepo.

Woumba njerwa amadziwa kuti dothi limatuluka bwino m'chikombole chifukwa mbali zake n'zowongoka. Chikombole chachitsulo nachonso sichipindika. Chilichonse chotulukamo chiyenera kutuluka mowongoka, apo ayi chimakodwa kapena kuthyoka. Ndiye chifukwa chake kasilikali kamodzi amakadula tizidutswa khumi kapena kupitirira: mkono pawokha, chovala cha kumsana pachokha, mutu pawokha. Munthu amene amaganiza podula, poika chidutswa chilichonse pafelemu, ndi podutsa pulasitiki kuti ifike paliponse isanazizire, ndi katswiri wofunika mofanana ndi woumba uja, ngakhale dzina lake silimveka kwa osewera.

Kale woumba ankapanga kasilikali kakakulu katatu kuposa msinkhu wofunika, ndipo makina otchedwa pantograph ankalondola maonekedwe ake n'kumawajambula mochepetsa pachitsulo. Masiku ano ambiri amaumba pakompyuta, ndipo makina oyendetsedwa ndi kompyutayo ndiwo amagoba chitsulo. Ngakhale zili choncho, chikombole chimodzi chimadya masabata ndi mapaundi zikwizikwi chisanatulutse kanthu kogulitsa. Chikatha, chimagwira ntchito zaka zambiri. M'masitolo muli mabokosi amene zikombole zake zinagobedwa zaka zoposa khumi zapitazo.

5. Phunzirani kugawa mtengo wa chikombole. Tiyerekeze kuti chikombole china chadya £20,000. Kampani ikagulitsa mabokosi 1,000 okha, bokosi lililonse lasenza £20 ya chikombolecho. Ikagulitsa 100,000, lililonse lasenza 20 pence basi. Masamu amenewa akufotokoza chinthu chimene chimapweteka osewera ambiri mtima: kasilikali kamodzi ka mtsogoleri wa gulu kamagulitsidwa pamtengo wopitirira theka la bokosi la asilikali wamba khumi. Wosewera amagula mtsogoleri mmodzi yekha, pomwe asilikali wamba amagula mabokosi awiri kapena atatu. Chikombole cha mtsogoleri chiyenera kubweza ndalama zake pa ogula ochepa. Ndi masamu omwewa amene amachititsa kuti gulu la Space Marines, lomwe limayenda malonda kuposa ena onse, lizilandira tiasilikali tatsopano pafupipafupi, pomwe magulu ena amadikira zaka.

6. Werengeraninso zimene sizioneka m'bokosi. Kasilikali kasanafike pamakina, pamakhala ojambula zithunzi, oumba, olemba malamulo a sewero, oyesa malamulowo, olemba nthano za dziko la Warhammer, ndi akatswiri openta tiasilikali tomwe timaoneka pachikuto. Magazini ya White Dwarf, yomwe inayamba mu 1977, ndi mbali ya ntchito yomweyo. Onsewa malipiro awo amachokera m'bokosi lija. Onjezani apo kuti kampaniyi inasankha kupangira tiasilikali take ku Nottingham konko, komwe malipiro ndi magetsi n'zodula poyerekeza ndi maiko amene makampani ambiri a zidole anathamangirako. Pamenepa ndimaiyamikira. Luso la zikombole likachoka m'dera silibwerera msanga, ndipo iwo analisunga pafupi ndi oumba awo.

7. Tsatani njira imene bokosi limadutsa. Games Workshop imagulitsa m'njira zitatu: m'masitolo ake omwe ndi oposa 500 padziko lonse, pa intaneti, ndi kudzera m'masitolo a anthu ena. Katundu wopita ku America amadzera kunkhokwe ya ku Memphis, ndipo wa ku Australia amadzera ku Sydney. Sitolo ya munthu wina imapikula pamtengo wotsika, choncho kawirikawiri imatha kutsitsako 10 mpaka 20 pa 100 iliyonse, chinthu chimene masitolo a kampaniyo sachita. Ku Britain mtengo wa pashelefu umakhala ndi msonkho wa VAT wa 20 pa 100, kutanthauza kuti pa bokosi la £30, £5 ndi ya boma. Mitengo ya kumaiko ena kampani imaiika payokha m'ndalama za kumeneko, ndipo osewera a ku Australia akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti yawo ndi yokwera mopitirira. Woitanitsa ali ku Lilongwe kapena ku Lusaka awerengere ndalama yotumizira ndi msonkho wolowetsera katundu asanalipire.

8. Musanamizidwe kuti mtengo wonse ndi wobweza zimene kampani yawononga. M'chaka chake cha malonda cha 2024/25, Games Workshop inapeza £617.5 miliyoni, ndipo phindu lake msonkho usanachotsedwe linali £262.8 miliyoni. Pa £617.5 miliyoni ija, £52.5 miliyoni inachokera kwa makampani ena amene analipira kuti agwiritse ntchito dzina ndi nthano za Warhammer, makamaka opanga masewero apakompyuta monga Space Marine 2. Mu Disembala 2024 kampaniyi inalowa m'gulu la FTSE 100, la makampani akuluakulu pamsika wa masheya wa ku London, komwe masheya ake akhala akugulitsidwa kuyambira 1994. Phindu lopitirira 40 pa 100 silipezeka kawirikawiri kwa opanga katundu.

Chimene chimawapatsa mphamvu yotere n'choti sewero, nthano, malamulo ndi tiasilikali zonse n'zawo. M'masitolo awo ndi m'mipikisano yawo mumaseweredwa ndi tiasilikali tawo tokha. Malamulo a Warhammer 40,000 anasinthidwa mu 2017, 2020 ndi 2023, ndipo kusintha kulikonse kumabwera ndi mabuku ndi mabokosi atsopano. Mitengo imaunikidwanso pafupifupi chaka chilichonse, ndipo imakwera. Luso lawo ndi lenileni ndipo liyenera kulipiridwa, koma ine zimandikhudza kuti mwana wa m'banja losapeza bwino, amene sewero lotere likanamuphunzitsa kudekha, kuwerengera ndi ntchito yamanja, amangothera pawindo la sitolo.

9. Yerekezani ndi anansi awo. Dera la Nottingham lili ndi makampani ambiri a ntchitoyi moti amalitcha Lead Belt, ndipo ochuluka anayambitsidwa ndi anthu amene anagwirapo ntchito ku Games Workshop. Warlord Games, yomwe anaiyambitsa ndi John Stallard ndi Paul Sawyer, inayamba mu 2007 ndipo imapanga Bolt Action, sewero la nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mapasa Alan ndi Michael Perry ali ndi Perry Miniatures, yomwe bokosi lake limodzi limakhala ndi asilikali oposa 30 pamtengo wotsika kuposa wa asilikali khumi a Warhammer 40,000. Pulasitiki ndi ya mtundu womwewo, makina ndi a mtundu womwewo. Kusiyana n'koti msilikali wa m'mbiri yakale, monga wa Napoleon, alibe mwini, aliyense akhoza kumuumba, ndipo opikisana akachuluka mtengo umatsika. Komanso a Perry alibe masitolo mazanamazana oti azilipirira lendi.

10. Pogula koyamba, tengani bokosi loyambira lomwe muli magulu awiri, chifukwa m'menemo kasilikali kamodzi kamatsika mtengo kwambiri. Kampani imatero dala pofuna kukopa atsopano. Musagule bokosi lachiwiri musanamalize kupenta loyamba. Osewera ambiri ali ndi milu ya mabokosi osatsegula. Funsaninso za tiasilikali togwiritsidwapo kale ntchito, poti penti yakale imachoka. Pulasitiki lumikizani ndi guluu wake wapadera amene amasungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti zigwirane. Guluu ameneyu sagwira chitsulo kapena resin, zomwe zimafuna supaguluu. Resin itsukeni kaye ndi madzi ofunda ndi sopo kuti mafuta a m'chikombole achoke, apo ayi penti imasendeka. Poipala, inyowetseni ndi kuvala chotchinga pamphuno, chifukwa fumbi lake ndi loipa m'mapapo.

11. Mmisiri wofuna kuyamba ntchitoyi asathamangire pulasitiki. Yambani ndi resin kapena chitsulo chofewa, komwe chikombole sichidula ndipo mukalakwitsa simutaya zambiri. Pitani ku chikombole cholimba pokhapokha mutatsimikiza kuti ogula alipo zikwi, ndipo ngakhale apo simukuyenera kugula makina anu: makampani ang'onoang'ono ambiri, kuphatikizapo a Perry, amapereka ntchito yogoba ndi kupopa kwa akatswiri monga Renedra. Makina osindikiza zinthu a 3D athandiza kuti munthu aone kasilikali kake m'manja asanalipire chikombole. Poika mtengo, lembani zipangizo, chikombole mutachigawa pa chiwerengero chimene mukukhulupirira kuti mugulitsadi, zowonongeka poumba, maola anu, bokosi, ndi gawo la wogulitsa m'sitolo. Ambiri amaiwala maola awo ndi zowonongeka. Ndipo umbani zanuzanu. Games Workshop inatengera kukhoti kampani yaing'ono ya ku America ya Chapterhouse Studios mu 2010 pa nkhani ya tizidutswa tofanana ndi take, ndipo mlanduwo unatenga zaka, oweruza n'kupereka chigamulo mu 2013 chokomera mbali iyi pa mfundo zina ndi mbali inayo pa zina.