Sukulu ya pakhonde: mlungu umodzi ku Karonga

Mtsinje wa North Rukuru ukasefukira, makalasi ena ku Karonga amasanduka misasa ya othawa madzi, ana n'kukhala pakhomo milungu ingapo. Mu Malichi 2020 zidafika poipa pomwe sukulu zonse m'dziko muno zidatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Zikatero, khonde ndilo kalasi, ndipo mphunzitsi ndinu.

Choyamba, pikisanani ndi dzuwa. Kuno kukangofika 9 koloko mwana amakhala atalefuka ndi thukuta, choncho yalani mphasa 6:30, akangomwa phala. Maola awiri akwana.

Lolemba ndi Lachitatu n'za kuwerenga. Apa pali mfundo imene ambiri timaiphonya: mwana amakula akulankhula Chinkhonde kapena Chitumbuka, pomwe mabuku a kusukulu ali m'Chichewa ndi Chingerezi. Musamukalipire akakakamira. Awerenge ndime mokweza, kenaka akufotokozereni m'chilankhulo cha pakhomo zimene wamva. Akatha kufotokoza, wamva. Akangotchula mawu ngati wailesi, bwererani pachiyambi. Pomaliza alembe ziganizo zitatu zakezake, ngakhale zopindika.

Lachiwiri masamu, koma siyani kaye buku. Tulutsani mpunga wa Kilombero ndi ndowa. Thumba la makilogalamu 50 likagawidwa kwa anthu 4, aliyense atenga angati? Mayi akagulitsa theka, latsala bwanji? Wamng'ono aziwerengera ndi njere za chimanga kapena zitsekero za mabotolo. Wa Sitandade 8, amene mayeso a MANEB akumudikira, mupatseni za phindu ndi kuluza, alembe njira yonse, osati yankho lokha.

Lachinayi tulukani. Ngati muli kufupi ndi nyanja, monga ku Ngosi kapena Chilumba, mwana akaone usipa pathandala, afunse chifukwa chake umayanikidwa pamwamba osati pamchenga. Akumtunda apite kudimba. Pobwera ajambule chimene waona.

Lachisanu n'lobwereza. Mkulu afunse mng'ono wake. Mudabwa mmene amaumirana mtima kuposa inu.

Loweruka limodzi, ndalama ya kabaza ikapezeka, pitani nawo kunyumba yosungira zakale ya Cultural and Museum Centre Karonga, imene idatsegulidwa mu 2004. Mwana akaima pansi pa chigoba cha Malawisaurus, chinyama chimene mafupa ake adafukulidwa m'boma lomwe lino, mafunso amabwera okha. Komweko amva za chibwano cha munthu wakalekale chimene chidapezeka ku Uraha mu 1991, komanso za Mlozi, wogulitsa akapolo uja adanyongedwa mu 1895. Ine ndimati ulendo umodzi umenewu umaposa mwezi wathunthu woloweza manotsi. Madzulo ake agogo awonjezere za mafumu a Kyungu ndi phiri la Mbande.

Lamulungu musakhudze kope. Makope onse asungeni m'jumbo, pamwamba pomwe madzi sangafike, ndipo sukulu ikatsegulidwa mwana awatenge akawaonetse aphunzitsi ake.