MALONDA A DZINA LOBWEREKA

Ana inu, mwina munaonapo masitolo awiri m'mizinda yosiyana okhala ndi dzina limodzi, utoto umodzi ndi cakudya cofanana. Munthu angayese kuti mwini wace ndi mmodzi, koma kawirikawiri sizitero. Sitolo iliyonse ili ndi mwini wace, amene anabwereka dzinalo nalipira kuti agulitsire malonda ace. Malonda otere pa Cingerezi amachedwa franchise. Tiyeni tione m'mene anathandizira nkhalamba ina ya ku Amereka.

Harland Sanders anabadwa m'caka ca 1890. M'caka ca 1930 anayamba kugulitsa petulo ku Corbin, m'cigawo ca Kentucky, ndipo anali kuphikiranso apaulendo cakudya. Anaphunzira kukazinga nkhuku mumphika wotsekeka zolimba, umene usunga nthunzi ndi kupsetsa nyama msanga. Anasakanizanso zokometsera za mitundu 11, zimene sanaululire munthu. Nkhuku yace inachuka ndithu.

M'caka ca 1952 Sanders anapangana ndi Pete Harman, mwini nyumba yodyeramo ku Salt Lake City, m'cigawo ca Utah. Anamphunzitsa kakazingidwe kace, ndipo Harman anavomera kumlipira pa nkhuku iliyonse yogulitsidwa. Kumeneko ndiko kunayambira dzina lakuti Kentucky Fried Chicken.

Patapita zaka zowerengeka, boma linakonza mseu waukuru watsopano wolambalala Corbin. Sanders anaona kuti apaulendo sadzaimanso pakhomo pace, motero anagulitsa malo ace. Anali ndi zaka zoposa 60, ndipo ndalama zomangira nyumba yina analibe. Cimene cinamtsalira ndi luso lace ndi dzina lace. Tsono analonga mphika ndi zokometsera m'galimoto, nayendayenda m'mizinda kuphikira eni nyumba zodyeramo kuti alawe. Amene anaikonda nkhukuyo anavomera kumlipira masenti 4, pambuyo pace masenti 5, pa nkhuku iliyonse. Zokometsera zinali kutumizidwa kwa iwo zosakaniza kale, kuti cinsinsi cisadziwike. Pofika caka ca 1963 nyumba zogulitsa nkhuku yace zinali ngati 600. Lero dzinalo lifupikitsidwa kuti KFC, ndipo lipezeka m'maiko ambiri, ngakhale mu Lusaka muno.

Nanga malonda otere ayenda bwanji? Pali anthu awiri, mwini dzina ndi wobwereka dzina, ndipo alemberana pangano la zaka zakutizakuti. Mwini dzina apereka dzina ndi cizindikiro cace, aphunzitsa wobwerekayo pamodzi ndi anchito ace, namuuza kogula katundu. Atumizanso oyendera kudzaona ngati zonse zicitika monga mwa pangano. Wobwereka ndiye afuna ndalama zotsegulira sitolo, alemba anchito, nawalipira. Kwa mwini dzina alipira ndalama yolowera poyamba, kenaka mwezi ndi mwezi apereka gawo la ndalama zonse zimene wagulitsa. Nthawi zambiri asonkhanso kangacepe kolengezera malonda.

Tiyerekeze kuti pangano liti apereke 5 pa 100 iliyonse. Akagulitsa za K100,000 pa mwezi, mwini dzina alandira K5,000. Zindikirani kuti gawoli liwerengedwa pa zogulitsa zonse, asanacotse za lendi, za magetsi ndi za malipiro a anchito. Ngakhale mwezi umene wobwereka sanapindule kanthu, mwini dzina alandirabe zace.

Ubwino wace ulipo ku mbali zonse ziwiri. Mwini dzina afalitsa malonda ace ndi ndalama za anthu ena, monga anacitira Sanders, amene sakadakhoza kumanga nyumba 600 yekha. Wobwereka sayamba ngati mlendo wosadziwika, pakuti ogula alidziwa kale dzinalo tsiku lotsegula lisanafike. Alandiranso njira zogwirira nchito zimene ena anaziyesa kale.

Koma zovuta ziliponso. Wobwereka sali mfulu kucita zonse zimene afuna. Sangasinthe kaphikidwe, kapena kugulitsa cinthu cina cimene mwini dzina sanalole. Akaswa pangano alandidwa dzinalo, cinkana anataya ndalama zambiri pomanga sitolo. Mwini dzina nayenso ali ndi nkhawa yace. Akuluakulu amati, "Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola." Sitolo imodzi ikakhala yauve, ogula anyoza masitolo onse a dzinalo. Ici ndico cifukwa cace malamulo a pangano amakhala okhwima.

Sanders mwini wace anaona cina cowawa. M'caka ca 1964 anagulitsa kampani yace pa mtengo wa madola 2 miliyoni kwa gulu lotsogozedwa ndi John Y. Brown Jr. ndi Jack Massey. Nkhope yace inatsalabe pa zikwangwani, koma ulamuliro unali wa ena. Pambuyo pace anadandaula poyera kuti eni atsopano aipitsa msuzi wace, koma mphamvu yowalamula analibenso. Anamwalira m'caka ca 1980.

Ena a inu mudzakhala amalonda mukakula. Munthu akadzakuuzani kuti mubwereke dzina lace, muyambe mwawerenga pangano lonse mosamala. Muwerengere zimene zidzakutsalirani mutalipira zonse, ndipo mufunse iwo amene anabwereka kale dzinalo musanalembe dzina lanu pa pepala.

MAFUNSO

1. Kodi Sanders anagulitsa malo ace a ku Corbin cifukwa ninji?
2. Chulani zinthu zitatu zimene mwini dzina apatsa wobwereka.
3. Pangano likati 5 pa 100, kodi wogulitsa za K60,000 alipira zingati?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wa nsomba m'nkhaniyi.