Amoniya m'khola la nkhuku ndi mankhwala a nano: zoyenera ndi zosayenera

Fungo loboola m'mphuno limene limakulonjerani pakhomo la khola ndi amoniya. Zitosi zikanyowa, mabakiteriya amaziphwanya, mpweyawo n'kumatuluka. Asayansi akuyesa kuthana nawo ndi tinjere ta nano, tosaposa mananomita 100, pamene tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi mananomita 80,000. Ine ndimaona kuti tinjereti n'tothandizira chabe. Mwini ntchito ndi utuchi wouma.

Zoyenera: Gwadani, mununkhize pamene nkhuku zikupumira. Akatswiri amati amoniya asapitirire 25 ppm (magawo 25 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya).

Zosayenera: Kukhulupirira mphuno yanu muli chiimire. Amene amalowa m'khola tsiku lililonse amazolowera fungo. Nkhuku zikayamba kutsinzina, kutuluka misozi ndi kutikita maso pamapiko, dziwani kuti njira yake yopumira yayamba kale kuwonongeka, ndipo matenda a chifuwa apeza polowera.

Zoyenera: Fumbatani utuchi kapena mankhusu a mpunga, kenako mutambasule dzanja. Zikayoyoka, zili bwino: chinyezi chili cha m'ma 20 mpaka 25 peresenti. Zikagwirana ngati mbamu ya nsima, zanyowa kwambiri. Chotsani ndi fosholo zigamba zolimba za pansi pa zomwera, mukonze podontha, muthire zouma. Mutembenuzenso nkhuku ziwiri zitatu muone kumapazi. Zilonda zakuda zimayambira pa utuchi wonyowa.

Zosayenera: Kuwaza laimu kapena phulusa pa utuchi wonyowa nkhuku zili momwemo. Zimenezi zimachepetsa asidi n'kukweza muyeso wotchedwa pH, ndipo ikadutsa 8 amoniya amatuluka mochuluka. Mankhwala omanga amoniya, monga alamu ndi sodium bisulfate, amachita kuitsitsa.

Zoyenera: Funsani kuti mu paketi muli chiyani, chifukwa nano ndi msinkhu chabe, si dzina la mankhwala. Siliva ndi zinc oxide zimapha mabakiteriya ophwanya zitosi. Zeolite ndi mwala wa timabowo tosaoneka, umene umakola amoniya n'kuyamwa chinyezi. Titanium dioxide amamupaka pa zitsulo kapena makoma, ndipo amaphwanya mipweya yonunkha pokhapokha atalandira kuwala kwa UV. Gulu la Jacek Koziel ku Iowa State University, ku America, linayesa njira imeneyi pa mpweya wa m'makola a nkhuku. Kumeneko makola ndi otsekeka, mafani amakoka mpweya, magetsi sathimathima. Khola la waya wa nkhuku ndi masaka ndi nkhani ina.

Zosayenera: Kugula ufa wopanda chizindikiro chifukwa wogulitsa watchula nano. Pitani nawo kwa mlangizi wa ziweto. Mukafunabe kuyesa, yesani m'chipinda chimodzi, china muchisiye, muyerekeze mapazi, maso ndi sikelo.

Zoyenera: Siyani mpata pamwamba pa makatani, ngakhale m'nyengo yachisanu ya Juni ndi Julaye. Mphepo idutse pamwamba pa anapiye, osati kuwaomba.

Zosayenera: Kutseka ndi mapulasitiki mbaula ikuyaka.

Zoyenera: Ganizani kumene utuchiwo ukupita. Kwathu kuno manyowa a nkhuku satayidwa. Amathera m'dimba la tomato ndi mpiru, ena amagulitsidwa m'matumba. Zinki ndi siliva siziwola, zimangounjikana m'nthaka chaka ndi chaka, ndipo siliva sasankha: amapha ndi mabakiteriya omwe amene amawoletsa manyowa. Wogula manyowa muzimuuza zimene mwathiramo.

Zosayenera: Kuwaza ufa wa nano osavala masiki ndi magolovesi, kapena kumutuma mwana. Tinjereti timalowa mpaka mkati mwenimweni mwa mapapo. Musatisakanizenso m'chakudya cha nkhuku mwa nzeru zanu. European Union inaletsa titanium dioxide m'zakudya za anthu mu 2022, akatswiri ake atalephera kutsimikiza kuti tinjere take sitiwononga maselo a m'thupi.